Si Bulauzi Imene Yathina

Achemwali anga okondedwa,

Landirani moni wochuluka, woti mugawane nonse m'nyumbamo n'kutsalako wina wa mawa. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Miyendo yanu ija yasiya kutupa, kapena mukuimabe tsiku lonse mu saluni osakhalako pansi? Nanga alamu, chifuwa chija chinawasiya? Za amayi sindifunsa kaye, chifukwa yankho lake ndikulidziwa kale: ali bwino, tisadandaule. Ndibwererako kutsogoloku.

Kuno tili bwino, ndipo kunena kuti bwino n'kuchepetsa. Ndikulemba mtima ukudumphadumpha, moti mukaona zilembo zina zitapendekeka musadabwe. Ndili ndi nkhani, achemwali, nkhani yoti mukhale kaye pansi!

Mwina mukudabwa kuti bwanji kalata pomwe foni ilipo. Vuto la foni mukulidziwa inu. Ndikangoti moni, amayi amakhala atailanda kale, n'kuyamba kundifunsa ngati ndikudya mokwanira mpaka nthawi kutha. Tsono mnansi wathu woyendetsa lole akudutsa kwanuko mawa, ndipo wandilonjeza kuti akuperekerani m'manja mwanu ku saluni. Muyambe mwawerenga nokha.

Mlamu wanu, mayi wa kunyumba kuno, ali bwino. Mimba yakula moti zala za kumapazi anasiya kuziona, ndine ndimamumanga nsapato m'mawa uliwonse. Mwanayo ndiye wamateche, ati akangomva mawu anga amayamba kuponda. Ine ndimati akundilonjera, iye amati akundithamangitsa.

Timavuto sitilephera. Denga likudontha, ndipo pa malo onse a m'chipindamo lasankha pamwamba penipeni pa pilo wanga. Eni nyumba ati mawa, ndipo mawa lawolo lakhala likubwera kuyambira mvula yoyamba. Komanso bondo langa lamanzere latupa, ndikuyenda motsimphina. Koma bondo limeneli ndikulinyadira, ndipo ndi pamene pagona nkhani yanga.

Paja ntchito yanga ndinakuuzaniko mongodula. Timachapa nsalu za m'mahotela: zoyala pabedi, matawulo, zovekera mapilo, nsalu za patebulo. Ndi chinyumba chachitali chopanda mawindo okwanira. Mbali ina kuli makina ochapira, pakati owumitsira, kumapeto chimakina chositira chokhala ndi zogudubuza zotentha. Ine ndimakankha ngolo za nsalu kuchoka uku kupita uko. Kutentha kwake musanene. Aliyense amakhala thukuta kamukamu kuyambira m'mawa, ngakhale makoma amachita thukuta.

Kamodzi pachaka kumabwera wophunzitsa chithandizo choyamba, atanyamula chidole chachikulu cha labala chopanda manja ndi miyendo, choti tiziphunzirirapo kudinikiza pachifuwa. Koma a kapitawo athu amakonda kuti chidole chisanatuluke m'chikwama pakhale kaye kasewero, ati anthu aone ndi maso mmene matenda a mtima amagwirira munthu. Chaka changa choyamba atafunsa amene angagwe, onse anayang'ana pansi. Ine dzanja m'mwamba! Mukundidziwa inu, paja ndili mwana ndinkakomoka nthawi yotsuka mbale ikangokwana, mpaka inu munkandidzutsa ndi madzi a m'beseni.

Kagwedwe kanga, achemwali, n'koti mukanakaona. Ndimaima pakati pa ngolo ngati palibe kanthu, kenako mwadzidzidzi ndimagwira pachifuwa chakumanzere ndi manja onse awiri, maso tuzu, kukamwa yasa, n'kubuula ngati andibaya. Ndimadzandira, kugwira tebulo, kulisiya, kenako khu! chagada pasimenti. Mwendo umodzi ndimauphuphitsa pang'ono n'kuuleka. Anthu amafa nazo kuseka. Ndi pamene panachokera dzina langa la kuntchito, Malemu. Ngakhale abwana aakulu akandipeza pakhomo amati mwadzuka bwanji a Malemu, dzina langa lenileni salidziwa.

Tsono pali mayi wina wachikulire, msinkhu wa amayi athu, amene amaima kumapeto kwa makina ositira, kulandira nsalu zikamatuluka zotentha n'kumazipinda. Timawatcha a Wailesi, chifukwa akatsegula pakamwa m'mawa amakatseka poweruka, ndipo batani lochepetsera mawu alibe. Amaulutsa zonse: amene wakwatira, amene wathawidwa, amene wabwera ndi malaya a dzulo. Ine amandikalipira ngati mwana wawo, koma ndi iwo amene anandiphunzitsa kugwira nsalu yotentha osapsa zala, nditangofika kumene ndisakudziwa aliyense.

Sewero langa silikoma popanda a Wailesi. Chaka chilichonse ndikangogwa, mawu awo amamveka pamwamba pa onse. Ulendo wina anafunsa kuti ndi mtembo wanji umene umateteza mutu pogwa. Ulendo wina analamula kuti andivule nsapato msanga ndisapite nazo kumanda, ati mwana wawo wamwamuna zimukwana. Ine ndimagona pamenepo ndikudziluma lilime kuti ndisaseke.

Sabata yathayi tsiku la sewero linafikanso. M'mawa wake a Wailesi anabwera monga mwa masiku onse, kungoti ankamasula epuloni yawo n'kuimanganso, kumasula n'kuimanganso. Ankasisitanso nsagwada, ati dzino lawayamba. Mnzawo wopinda naye nsalu anawapatsa mankhwala opha ululu, nkhani n'kuthera pomwepo. Thukuta anali nalo, koma ndani alibe thukuta m'nyumba imeneyo? Ine ndinawadutsa ndi ngolo kangapo, mutu wanga uli pa kagwedwe katsopano kamene ndinakonza.

Chaka chino kunabwera namwino wina watsopano, mtsikana wamng'ono thupi, wolankhula motsitsa. Makina anazimitsidwa, anthu anapanga bwalo pakati pa matebulo, a kapitawo n'kundikodola. Ha, ndinagwa, achemwali! Sindinagwepo chonchija chiyambire. Ndinazungulira kaye, bondo n'kumenya chitsulo cha ngolo, ululu weniweni n'kundithandiza kubuula. Chikhakhali chinabuka, ena mpaka kuwomba m'manja.

Ndinagona chagada, maso nditatseka, kudikira chipongwe cha a Wailesi. Kuseka kunayamba kuchepa. A kapitawo anayamba kufuula zoti wina ayimbe foni, wina amasule malaya anga. Ine ndikudikirabe. Ndinati mwina akusankha mawu onona, koma ayi, kunali zii. M'nyumba monsemo munali phokoso, koma kwa ine kunali ngati magetsi azima.

Ndinatsegula diso limodzi pang'ono. Munthu ukagona pansi umaona zimene oimirira saona. Kudzera pakati pa miyendo ya anthu ndinawaona kumbuyo kwa onse, pafupi ndi makina owumitsira, atakhala pa ndowa yovundikira. A Wailesi sakhala pansi nthawi ya ntchito, amati mipando ndi ya alesi. Epuloni anali atavula, ili pamiyendo. Dzanja limodzi lili pansagwada, nkhope itatuwa ngati apaka phulusa, akupuma ndi kukamwa. Anthu onse anawafulatira, maso ali pa ine wabodzane.

Ndinadzambatuka. Abale inu, anthu anaseka kuposa poyamba, ati Malemu auka! A kapitawo anakalipa kuti ndigonenso, sanandidzutsebe. Ine ndinangowakankha anthuwo n'kudutsa, bondo nditaliiwala. Nditagwira mkono wa a Wailesi ndinachita mantha, chifukwa unali wonyowa koma wozizira, m'nyumba yotentha chonchija. Iwo anandiyang'ana n'kunena motsitsa kuti ali bwino, ndisadandaule, ndibwerere ndikamalize kufa.

Musandiyese dokotala. Za mtima sizinandibwerere n'komwe m'mutu. Ndinangodziwa kuti wailesi yazima, ndiye ndinakuwa kuitana namwino uja.

Anabwera n'kugwada pambali pa ndowayo, n'kuyamba kufunsa mofatsa. A Wailesi anati pachifuwa sipakuwawa ayi, pakungolemera, ngati wina wawamanga epuloni pamwamba kwambiri n'kukoka zingwe. Anati nsagwada ikuphwanya, pakati pa mapewa pakunyeka, ndipo akumva nseru. Atafunsidwa ngati zayamba lero, anavomera monyinyirika kuti papita masabata akutopa msanga, ndipo pokwera masitepe opita kosinthira zovala amapumira pakati. Namwino sanadikire kuti amalize. Anauza a kapitawo kuti foni ija ankanamizira kuyimba, ayimbedi tsopano, aitane ambulansi.

A kapitawo si munthu woipa, anangosokonezeka ngati tonsefe. Anafunsa kuti mtima bwanji, pomwe mayiwa sanagwe, sanagwire pachifuwa, ndipo akulankhula. Pomwepo madokotala a kochapira anayamba ntchito. Wina anati ndi dzino basi, akalizule. Wina anati ndi chilungulira, awapatse soda. Woyendetsa makina ochapira anati ndi kutentha, awathire madzi kumutu. Onse ankaloza pamene ndinagwera ine paja, ati mtima ndi uja taonawu. Namwino anangoyankha kuti mtima suonera mafilimu, n'kupempha kuti atsegule chitseko chachikulu mphepo ilowe.

A Wailesi nawo anayesa kukana. Ati nsalu za hotela zikadali mulu, ndipo n'zamanyazi kunyamulidwa ndi ambulansi chifukwa cha dzino, anthu a mumsewu adzati chiyani. Anafuna kuimirira, namwino anawaletsa ngakhale kuponda sitepe imodzi. Ine ndinawagwira dzanja n'kuwauza kuti akakana, mawa ndine ndidzaulutse nkhani zonse m'malo mwawo, ndipo ndidzazisokoneza dala. Anamwetulira pang'ono. Ambulansi itafika anawatulutsa pa machira, epuloni itatsala pa ndowa.

Namwino anatsala nafe n'kumaliza phunziro, koma ulendo uno palibe anaseka. Anati kagwedwe kanga si kabodza, alipodi amene zimawagwira choncho. Koma ambiri, makamaka amayi, achikulire ndi odwala shuga, zimawabwerera mwakachetechete: kulemera kapena kuthina pachifuwa, kuphwanya kwa nsagwada, mkono kapena msana, phuma, nseru, thukuta lozizira, kutopa kosadziwika bwino. Anati chidole chija n'cha pamene mtima waima kale, koma nthawi zambiri thupi limakhala litachenjeza kalekale. Kuthina kumene kumabwera munthu akamakwera kapena kunyamula katundu, n'kusiya akapuma, nakonso ndi chenjezo. Paja amati chakudza sichiyimba ng'oma. Ine tsiku limenelo ndinaona kuti ichi chimayimba ndithu, kungoti ndi kang'oma kakang'ono, ndipo ife timakhala tikutchera khutu ku ng'oma yaikulu.

Tsopano imvani kokoma kwake. A Wailesi ali moyo, achemwali! Ali moyo! Unalidi mtima, mtsempha wina wa magazi unatsekeka. Madokotala analowetsa kachubu kakang'ono pamkono, pafupi ndi pamene pamakhala wotchi, n'kukautsegula, osang'amba pachifuwa n'komwe. Ati chifukwa anafika msanga, mtimawo sunawonongeke kwambiri. Uthenga utafika kuntchito, mnzawo wopinda naye nsalu analira n'kuvina nthawi imodzi, ndipo a kapitawo anandikumbatira mpaka bondo linakumbukira kuwawa.

Lamulungu tinapita kukawaona ndi mlamu wanu. Sitinafunse n'komwe kuti ali chipinda chiti. Tili m'khonde tinangomva mawu akuulutsa za mayi wa bedi loyandikana nalo, amene mwamuna wake amabwera ndi zipatso n'kuzidya yekha. Ndinaima pomwepo misozi ili m'maso, chifukwa sindinamvepo phokoso lokoma chonchija. Atandiona anati ndisayese kuti sanaone, tsiku lija ndinateteza chigongono pogwa, kungoti mpweya wonenera unawasowa. Ati chipongwe chimenecho anachisunga, sichikanatayika.

Tinaseka mpaka anamwino anatidzudzula. Kenako anayamba kudziseka okha za epuloni ija. Ati kwa masabata angapo ankawonjezera zingwe zake, mpaka anakangana ndi mnzawo pomuganizira kuti wawasinthira ndi yaing'ono. Ati thupi silinakule, koma chovala chilichonse chinkawathina pachifuwa. Mlamu wanu anaseka. Ine kuseka kunandithera, chifukwa nthawi yomweyo ndinakumbukira mawu anu.

Mukukumbukira zimene munandiuza pa foni mwezi wathawu, amayi atapita kosamba? Munazinena ngati nthabwala, ndipo tinaseka tonse. Munati amayi aphwasula misoko ya mabulauzi awo onse n'kuwakulitsa, ngakhale ija yatsopano yopita nayo kutchalitchi, ati anenepa. Atadziyeza ndi tepi anapeza kuti sanawonjezere olo pang'ono, ndiye anataya tepiyo, ati yatamuka. Anagula ina, nayonso inanena zomwezo. Telala wa zaka zonsezi, amene amangoyang'ana munthu n'kudziwa muyezo wake, angasokoneze thupi lake lomwe?

Ndili m'basi pobwerera ndinayamba kulumikiza zina zimene mwakhala mukundiuza apa ndi apo. Dzino limene linkawavuta amayi anazulitsa, koma nsagwada ikuphwanyabe. Soda uja amamwa akatha kudya, ati chilungulira. Munati pokwera masitepe opita kuchipinda chawo chosokera amaima pakati n'kumafufuza makiyi m'chikwama, pomwe makiyiwo ali m'manja. Ndipo munati masiku ano amasiya kupalasa makina msoko uli pakati, n'kukhala phee kuyang'ana pawindo. Amayi athu aja, amene ankatimenya dzanja tikawayankhulitsa msoko usanafike kumapeto! Chilichonse pachokha n'chaching'ono, n'chifukwa chake tinkaseka. Koma nditaziika pamodzi ndinaona a Wailesi atakhala pa ndowa.

Mawa lake ndinakumana ndi namwino uja kuntchito, atabweranso kudzakonza zophunzitsa gulu lina, ndipo ndinamufotokozera zonsezi. Anandiyankha moona mtima kuti sangadziwe matenda a munthu amene sanamuone, ndipo mwina n'zina, zosaopsa. Koma anati munthu wotere akayezedwe mtima sabata yomweyino, osati mwezi wamawa.

Ndikudziwa zimene amayi adzanene, ndipo mwina inunso mukuziganiza. Adzati matenda a mtima akuwadziwa, anawaona pa abambo. N'zoona. Abambo anagwira pachifuwa n'kugwa pakati pa matabwa amene ankapala, inu muli pomwepo, ine ndili kusukulu. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu tonse timadziwa mmene mtima umagwirira, ndipo chilichonse chosafanana ndi chimenecho timati si mtima. Ngakhale kagwedwe kanga kaja, theka ndinakatenga m'mafilimu, theka m'zimene munandifotokozera inu. Koma amayi si abambo, ndipo mtima wawo sukakamizidwa kutsanzira wa amuna awo.

Ndikudziwanso chimene akubisira. Akufuna kubwera kuno mwana akabadwa. Munandiuza kuti asoka kale timalaya todzaza chikwama, ena a mnyamata ena a mtsikana, ati sakufuna kudzidzimutsidwa. Akuopa kuti akapita kuchipatala, dokotala adzawaletsa ulendo wautali. Muwauze kuti bedi lawo tagula kale, ndipo taliika mbali imene sikudontha. Akachedwa ndi mwezi umodzi kapena iwiri chifukwa cha mankhwala, mwanayo sathawa, adzawapeza ali pompano. Chimene sindingapirire n'chakuti timalayato tidzafike tokha.

Tsono pempho langa ndi limodzi, achemwali. Tsekani saluni m'mawa umodzi sabata ino, makasitomala adikire ndi tsitsi lawo, mupite ndi amayi kuchipatala chachikulu. Osati kozula mano, osatinso kogula mankhwala pakona paja. Mukawanyengerere, mukawaopseze, mukalire ngati n'kofunika, inu ndi amene amakumverani. Ndipo musakawasiye alowe okha m'chipinda cha dokotala, chifukwa akangokhala pampando adzati ali bwino, angobwera kuperekeza inu. Mukalowe nawo, mukanene ndinu: kuthina pachifuwa, nsagwada, phuma pa masitepe, ndiponso kuti zimasiya akapuma. Mukapemphe kuti awayeze mtima ndi makina aja amamata timawaya pachifuwa, sizipweteka n'komwe. Za mabulauzi mukanenenso, musachite manyazi.

Ndipo tsikulo lisanafike, kuthinako kukawabwerera atangokhala, osasiya, kapena mukaona thukuta lozizira ndi nkhope yotuwa, musadikire alamu aweruke, musadikire mawa, musawayendetse pansi. Itanani galimoto nthawi yomweyo. Akakatibweza kuti n'chilungulira, tidzaseka tonse, ndipo ine ndidzavomera kunyozedwa chaka chathunthu.

Ndisaiwale nkhani ina yokoma. Abwana andisankha kuti ndikaphunzire bwinobwino chithandizo choyamba, ndidzakhale woyang'anira bokosi la mankhwala mbali yathu. Ine amene, achemwali, wokomoka pothawa mbale! Komanso namwino wapempha kuti ndikachitenso sewero kwa anzathu a gulu lina, koma mwatsopano. Kugwa kuja ndizichitabe, ati nakonso n'koona, koma kuzibwera pambuyo. Poyamba ndizikhala chete kumbuyo kwa anthu, tione amene angandizindikire.

Dzulo madzulo ndinayeserera kunyumba. Ndinavundikira ndowa ija timatchingira madzi a padenga, n'kukhalapo. Ndinamasula batani la pakhosi, kusisita nsagwada, kufufuza makiyi m'thumba. Mlamu wanu, amene amaseka ndikangotsinzina, anali pabedi akungondiyang'ana. Atandifunsa ngati ndili bwino, ndinayankha monga mwa sewero kuti ndili bwino, asadandaule. Sanaseke. Anagwira mimba yake n'kunena kuti ndisiye, chifukwa amenewo si mawu a a Wailesi, ndi mawu a apongozi ake enieni, ndi kakwezedwe kake komwe. Mawu amenewo ndinali ndisanawayesererepo n'kamodzi komwe, koma anatuluka okha, chifukwa ndakhala ndikuwamva pa foni sabata iliyonse.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti fodya uja asiye, tsopano m'banja muli wachipatala. Moni kwa adzukulu a amayi onsewo, makamaka wamkuluyo amene akulemba mayeso, alimbikire. Moni kwa azakhali ndi amalume mukawaona, ndi kwa atsikana anu a mu saluni, andikhululukire powasiyira ntchito m'mawa umodzi. Mlamu wanu akupereka moni kwa nonse, ndipo wam'mimbayu waponda kawiri pamene ndimalemba mzere uno, ndiye muwerengere kuti nayenso walonjera agogo ake.

Kwa amayi, mukatha kuwerenga nokha, muwawerengere yonse, musadumphe kalikonse. Akakalipa, akalipire ine. Muwauze kuti ndimawakonda, ndipo bulauzi zawo zinali zokwana bwinobwino chifukwa anasoka ndi iwo. Muwauzenso kuti dzina la Malemu ndi langa, ndinalivutikira ndekha ndi bondo langa, ndipo sindikufuna kuti m'banja mwathu wina andilande.

Foni yanga ikhala m'thumba la malaya, ngakhale a kapitawo amaletsa. Mundiyimbire mukangotuluka m'chipinda cha dokotala.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Malemu wa kochapira, amene akadali moyo.